Nsapato Zinatsala pa Khao Kho

Nakhon Sawan,
10 Disembala, 2024

Okondedwa achemwali a Mayuree,

Ndikhulupirira muli bwino ku Hat Yai kumeneko pamodzi ndi alamu, ndipo mvula yayamba kukupumitsani. Ife tabwerako ku Khao Kho tonse atatu, galimoto yogonamo ija tabwezanso kwa eni ake ili ndi matayala onse. M'kalata yanu munafunsa zinthu ziwiri: malangizo, poti inunso mukufuna kubwereka yotere pa chaka chatsopano, ndiponso yankho langa pa nkhani yoti ndisamukire kwanu sukulu ikatsekera. Mukudziwa kuti chikwatirane amayi ndi a Wichian, ine m'nyumba muno ndimangodutsa ngati mphaka wa aneba. Ndiyamba ndi funso losavuta.

Musananyamuke, tsekani makabati onse ndipo muwakoke kuti mutsimikize. Amayi analongedza ngati tikusamuka, mpaka kamtondo kosinjira tsabola. Pa kona yoyamba yokwera phiri botolo la msuzi wa nsomba linatuluka lokha n'kusweka pa chikwama changa. Mpaka lero anzanga m'kalasi akusuntha mipando ndikafika, ngakhale kuti kale sankakhalanso pafupi kwenikweni.

Poimika, funani malo athyathyathya. Ife tinaimika mopendekeka, ndipo m'mawa mazira onse ankathawira mbali imodzi ya chiwaya.

"Bambo inu, nyumbayi mwaimika kapena mwaipachika?" anatero amayi.

"Munati mukufuna kuchepa thupi," anayankha a Wichian. "Ndiye ndakukonzerani chitunda popita kukhitchini."

Madzi a m'thanki satha kuyankhula, amangotha muli ndi sopo m'mutu, choncho sambani ngati mbalame. Kathanki ka chimbudzi musadikire kuti kadzaze. Ndipo pobwerera m'mbuyo, wina atsike akaime kumbuyo azikodola, chifukwa woyendetsa saona kanthu. Ntchito imeneyo inali yanga.

Koma langizo lalikulu ndi ili, ndipo obwereketsa galimoto sadzakuuzani. Iwo amangonena za kuzula chingwe cha magetsi ndi kupinda tenti ya m'mbali. Saganiza kuti chinthucho ndi nyumba, ndipo palibe munthu woleredwa bwino amene amalowa m'nyumba ndi nsapato. Tsiku lochoka pa malo oyamba tinavula pakhomo monga mwa nthawi zonse, tinalowa, a Wichian anadutsira m'kati momwemo kupita pa chiwongolero, basi ulendo. Tinazindikira titatsika phiri lonse, pa malo omwetsera mafuta, amayi atatsegula chitseko n'kuyamba kufufuza nsapato ndi phazi.

Amayi anaseka mpaka misozi. Anati tingogula masilipasi m'sitolo, nsapato si mwana. Ine sindinaseke. Anga amene anatsalawo anali masandasi a malemu bambo, achikopa aja amene anasoka lamba wake ndi ulusi wa mbedza. Amayi amayesa ndimawavala chifukwa cha ulesi wopita kumsika. Inu nokha mumadziwa.

A Wichian anandiyang'ana pa kagalasi. "Phanu, zako zinali ziti?"

"Zakale, amalume. Zisiyeni."

Analiza galimoto. "Pepani, tibwerera. Ndaiwala chipewa changa."

Achemwali, chipewacho chinali pamutu pawo. Amayi anatsegula pakamwa, anayang'ana chipewa, anayang'ana mapazi anga, n'kutseka pakamwa paja. Tinakweranso phiri lonse lija, chigalimoto chikulira ngati njati yokalamba, magalimoto aang'ono ali m'mbuyo mwathu kutiimbira mahutala.

Titafika tinapeza agogo ena osesa pamalopo atasanjika bwinobwino nsapato za amayi ndi za a Wichian pa chitsa. Masandasi anali kumapazi kwawo.

"Zatsopanozi ndinadziwa kuti mubwerera," anatero. "Koma awa ndimati mwataya. Onani mmene andikhalira, ngati anandiyeza!"

A Wichian anatsika opanda nsapato pa miyala yozizira ija, anaphatikiza manja n'kuwerama. "Agogo, tisinthane. Tengani zangazi, ndagula sabata yatha, sizinaonepo matope."

"Iwe, mutu ukuyenda? Zatsopano kusinthana ndi zokutha?"

"Ndi a bambo ake a mnyamatayu."

Agogo aja anandiyang'ana ine, anayang'ananso iwo. "Nanga iwe ndiwe ndani wake?"

"Ine ndi dalaivala chabe," anatero a Wichian akuseka.

Agogo anavula pomwepo, anapukuta masandasi ndi malaya awo n'kundipatsa ndi manja awiri. Anakana kulandira kanthu, koma a Wichian anati munthu savulidwa nsapato n'kusiyidwa choncho, mpaka agogo analandira. Pa msika wa m'njira masilipasi owakwana a Wichian analipo apinki okha, a maluwa pamwamba. Anayenda nawo ulendo wonse, ngakhale pa masitepe a kukachisi, amayi akuwatchula kuti mfumukazi ya Phetchabun, chigawo chimene kuli Khao Kho.

Aliyense anaseka za dalaivala zija kupatula ine. Ndinaona mmene a Wichian anatembenukira msanga atanena. Ine ndimayesa m'nyumba muno woyang'anitsitsa anthu ndine ndekha, osadziwa kuti wina wakhala akuyang'ana mapazi anga osanena kanthu. Tsiku lomaliza ndinawagwirira kathanki ka chimbudzi mbali imodzi asanandipemphe. Tikuyenda anati, "Achemwali ako akakuitana, pita ngati mtima wako uli komweko, sindingakuletse. Kungoti ndikamabwerera m'mbuyo ndizigunda mitengo, amayi ako pokodola amasokoneza kumanja ndi kumanzere." Fungo linali lambiri, koma ndinamva.

Ndiye yankho lachiwiri ndi ili. Zikomo kwambiri chifukwa cha chipinda chimene munandikonzera, ndipo muwathokoze alamu chifukwa cha desiki imene anagula ndisanavomere n'komwe. Nthawi imene ndinkangodzitsekera, kudziwa kuti kwinakwake kuli khomo londidikira ndi kumene kunkandipatsa mphamvu yodzuka kupita kusukulu. Sindidzaiwala. Koma ndikupempha kuti musakhumudwe: nditsala kuno. Ndibwera pa tchuthi cha mu Epulo, pa chikondwerero chothirana madzi chija, kudzakuthirani madzi, ngati desiki ija ingandisungire malo. Chonde munditumizireko ulusi wa mbedza wolimba wa kwanuko, lamba wakumanzere wayambanso kumasuka.

Amayi akupereka moni, akuti muzidya, pa chithunzi chija mwaonda. Moni winanso ukuchokera kwa amene akukonza mpope panjapa atavala masilipasi apinki. Pakamwa panga pakadali kunena kuti amalume, ndipo m'kalata muno sindikudziwa kuti ndiwalembe kuti ndani. Koma dalaivala chabe ayi.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Phanu