Diso la Kamphaka Kakuda

Kalindawalo, Petauke
11 Ogasiti 1996

Wokondedwa mwana wanga Eneless,

Ndayamba ndi kukupatsa moni. Uli bwanji kumeneko ku Nyimba, iwe pamodzi ndi amuna ako a Cosmas ndi mdzukulu wanga Takondwa? Ine kuno ndilipo. Bondo lija likuvutabe kukazizila, koma ndikuyenda.

Kalatayi ndapatsila a Mildred, amene amabwela kwanuko kudzagula nthochi. Ukaona dzanja langa pa envulopu usaing'ambe. Welenga mpaka pansi, kenako uchite nayo zimene ufuna.

Kuno kuli zii. Anzathu onse amene tinathawa nawo nkhondo anakwela malole aja kubwelela ku Mozambiki, nyumba zawo zinagwa, mwamela nthula. Ine ndinakana kusiya manda a amai ako, ukudziwa. Tsopano tsiku limatha osatsegula pakamwa, kupatula ngati ndikutukwana mbuzi za eni.

Chimanga ndinakolola bwino, koma chili m'nkhokwe. Masiku ano kulibe depoti yotigula monga kale, timangodikila amalonda a malole, amene amabwela tsiku limene afuna okha. Amene akusangalala ndi makoswe. Akanapanda Shuga, mphaka uja Takondwa anasiya pochoka, bwenzi ndatsala ndi zitsononkho.

Nkhani imene ndakulembela ndi ya Shuga yemweyo.

Mwezi wathawu anaswa ana anayi pansi pa nkhokwe. Patapita masabata awili ndinaona kuti maso awo sakutseguka. Zikope zinatupa, zitamatana ndi manthongo, ukakanikiza pang'ono mafinya achikasu akutuluka. Onse anayi chimodzimodzi.

Ukudziwa kale chimene ndinachita. Ndinanyika fodya m'kapu, ndinasefa madzi ake, monga ndinkachitila m'thengo tikuthawa, pamene maso anga anafiila ndipo ndinachila. Ndinatenga kakuda, kamene kanali kakakulu pa onse, ndinakapana pakati pa maondo, ndinakatsegula diso lakumanzele n'kudonthezamo.

Eneless, kanalila. Ndipo kulila kumeneko sikunali kwachilendo m'makutu mwanga.

Ndisanagwile diso linalo, Shuga anandilumphila n'kunding'amba dzanja. Chipsela chilipo. Anatuta ana ake mmodzimmodzi kukawabisa m'khitchini yakugwa ya a Fernando, mmodzi wa anzathu aja anabwelela kwawo, ndipo ndinatha masiku atatu ndikuwafunafuna.

Nditawapeza, atatu aja anali ndi manthongo awo monga kale, koma nditapukuta, maso anali akuda, amoyo. Kakuda kaja diso lakumanja linalinso lamoyo. Lakumanzele, limene ndinathila mankhwala anga, linali litayela ngati phala la mpunga.

Ine sukulu sindinapite, kulemba kumeneku ndinadziphunzitsa ndekha pa makatoni a sopo. Koma kuwelenga mpaka asanu ndi atatu ndimatha. Maso asanu ndi atatu, matenda amodzi. Loyela ndi limodzi, limene ndinakhudza ine.

Ndinakhala pansi m'khitchini ya eni, kopanda denga, mpaka dzuwa linafika pamutu.

M'mawa mwake ndinaika onse anayi m'dengu pamodzi ndi amai awo, ndinamanga chitenje pamwamba, ndinapalasa njinga mpaka ku boma. Anthu panjila ankafunsa ngati nkhuku za masiku ano zimalila choncho. Mmodzi ndinamuyankha zimene sindingalembe m'kalata ya mwana wanga.

Pafupi ndi msika pali a Vitalis Lungu, amene ankagwila ntchito yotemela ng'ombe asanawachotse pamodzi ndi anzawo ambili. Tsopano ali ndi kashopu ka mankhwala a ziweto. Atatsegula dengu anaseka, akuti zaka zonse za ntchito yawo sanaonepo munthu wa ku Kalindawalo akupalasila mphaka. Ataona kakuda anasiya kuseka, anandifunsa chimene ndinathilamo.

Ndinawauza. Anati fodya amawotcha diso ngati phulusa lamoto. Magazi anandikwela, ndinawauza kuti ine ndinachila naye, iwo akuyamwa. Anayankha mosakweza mawu kuti ndinachila chifukwa Mulungu anandimvela chisoni, osati chifukwa cha fodya.

Kenako ndinafunsa funso limene ndakhala ndikulithawa zaka zitatu. Ndinati nanga akanakhala mwana wa munthu, wa zaka zinayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ananditchula dzina n'kuti, a Julio, diso ndi diso basi, kaya la mphaka kaya la munthu. Atawona nkhope yanga anafuna kundipepuza mtima, akuti nthawi zina matenda okha amayeletsa diso. Ndinawauza kuti asandinyengelele, ine sindine mwana.

Anandiphunzitsa kachitidwe kake. Uwilitse madzi, uthilemo mchele wotapa ndi zala ziwili, udikile akhale ofunda. Unyike kansalu koyela, ukaike pa chikope mpaka manthongo afewe, osakoka. Upukute kuchokela kumphuno kupita kukhutu, diso lililonse ndi kansalu kake, kuti matenda asasamuke. Ukatelo ufinyile mankhwala a m'kachubu, kamzele kakang'ono ngati njele ya mpunga, katatu pa tsiku. Usambe m'manja usanayambe ndiponso ukamaliza. Anatinso kamphaka kakayamba kukana kuyamwa ndibwelele msanga.

Nsalu zoyela ndilibe. Ndinatenga thonje la m'munda mwanga, ndinachotsa njele, ndinaliwilitsa n'kuliyanika pa mbale ya amai ako. Masiku khumi ndakhala namwino wa amphaka, m'mawa, masana ndi madzulo. Manja awa amene umati amadziwa khasu ndi kuloza anthu chala aphunzila kugwila pang'onopang'ono. Shuga poyamba ankandilondela ngati wapolisi, tsopano amangogona n'kumandiyang'ana.

Atatu achila, maso akuona bwinobwino. Kakuda diso lakumanja lachila. Linalo a Vitalis anati silidzaonanso.

Tsopano imva, chifukwa ine zozungulila sindidziwa.

Diso la Takondwa ndinaliwononga ndine. Iwe unafuna kupita naye ku chipatala cha ku Minga tsiku lomwelo maso atafiila. Ine ndinakukalipila pamaso pa amuna ako, ndinati m'nyumba mwanga mankhwala ndimadziwa ndine. Ndinamupana pakati pa maondo awa. Ankaitana iwe, ine ndinakuuza kuti uime pakhomo. Diso litayela ndinati ndi matenda. Iwe utanena zoona ndinakutcha mwana wopanda mwambo, ndinakuuza kuti njila ya ku Nyimba ilibe chitseko. Unanyamula mwana, unapita.

Zaka zitatu ndakhala ndikuuza anthu kutchalitchi kuti mwana wanga ananyengedwa ndi moyo wa m'tauni. Lamulungu lapitali ndinaimilila Misa itatha, ndinawauza kuti ndinkanama. Ena anayang'ana pansi. Ine ndimadzitama kuti ndimauza munthu aliyense zoona pamaso, koma mphaka ndiye anayamba kundiuza ine.

Shuga anandikanda kuteteza ana ake. Iwe sukanatha kukanda atate ako, unangochoka. Unachita bwino.

Sindikupempha kuti uiwale. Diso silibwelela chifukwa nkhalamba yalemba kalata. Ndikupempha ziwili. Choyamba, Takondwa akadzafunsa za diso lake, usamuuze kuti ndi matenda pofuna kundibisa. Umuuze kuti anali ambuye ake, ndi kuuma mutu kwawo. Chachiwili, ubwele naye, ngakhale tsiku limodzi. Ngati sufuna kulowa m'nyumba, tidzakhala pansi pa mtengo wa mango. Sindidzamugwila ngati iye safuna.

A Mildred anandiuza kuti wayamba sukulu, ndipo amakhala kutsogolo kuti aone bolodi. Akuti watalika. Ine m'mutu mwanga akadali kamwana kofika m'chiuno, kokokela mphaka ndi chingwe cha luzi.

Tiamphakati tisiya kuyamwa kumapeto kwa mwezi uno. Anthu atatu abwela kale kudzapempha chifukwa cha makoswe, onse ndawabweza. Ndawauza kuti mwini wake wa Shuga ali ku Nyimba, ndipo palibe kamene kachoke pano iye asanasankhe kake. Ngati sudzabwela, tuma mawu kwa a Mildred, unene mtundu umene akufuna, ndidzakamangila m'dengu. Pali koyela, kamawangamawanga ndi kofiilila.

Kakuda kokha asasankhe. Kameneko ndi kanga. M'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko kamakhala pakhomo, kamapendeketsa mutu kuti kandione ndi diso lotsalalo, ndipo ine sindiyang'ananso kumbali.

Upeleke moni kwa a Cosmas, uwauze kuti mawu amene ndinawanyoza nawo tsiku lija ndawameza ndekha. Moni kwa apongozi ako onse. Takondwa umuuze kuti Shuga ali moyo, wanenepa, ndipo amagonabe pa mpando wake uja.

Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mvula yabwino ndi thanzi.

Ndine atate ako,
Julio