Njerwa za M'dziwe la Atate

Mwami, Chipata
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Lemmy,

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumadula ndikangotchula za dziwe. Kuno tili moyo, koma ine ndakwiya nanu kwambiri.

Oumba njerwa amene munawatuma muli ku Kitweko anafika. Akuti munawauza kuti dothi labwino la nyumba yanu lili m'dziwe la kudimba, lija anakumba malemu atate. Chaka cha chilala ngati chino, achimwene? Dziwe lomweli ndi limene likuthirira repu ndi tomato wa amayi, pamene zitsime za anzathu zinauma kalekale.

Kodi tauni inakuiwalitsani tombolombo wofiira? Atate ankatikhazika m'mbali mwa madzi n'kumati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wamphongo, wofiira psuu kuyambira maso mpaka mchira, tsinde la mapiko lachikasu, ankatera pabango limodzimodzi tsiku lonse n'kumapitikitsa anzake. Wamkazi, wooneka ngati udzu wouma, ankagunditsa mchira pamadzi poikira mazira. Ana ake, tizilombo tosaoneka bwino tija, amakhala m'matope miyezi ingapo akudya mphutsi za udzudzu. Kenako amakwera bango m'mamawa, msana n'kung'ambika, n'kuuluka kusiya chikhungwa. Amene ankatolera zikhungwazo m'bokosi la machesi ndinu. Atate ankati ofiirawo akakhalapo ndiye kuti dziwe lili moyo.

Anthu anu anadula bango lonse ndi kugumula khoma lotchinga madzi. Nditatola njerwa imodzi yaiwisi ndinapezamo mwana wa tombolombo atakanirira pakona, timiyendo tili kunja. Amayi ataona anangoti, "Edita, nyumba imeneyo mlongo wako adzagonamo yekha." Tsiku limenelo sanathirire.

Mwina mwamva kale kuti njerwa zanu zinapondedwa ndi ng'ombe za aneba athu a Chikhulupiriro. Musawaimbe mlandu akuluwo, ng'ombezo ndine. Lamulungu ndinajomba Misa, ndinabwereka wilibala, ndipo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndinabwezera njerwa zaiwisi m'dziwe n'kuziponda ndi mapazi angawa mpaka khoma linaimanso. Sindikupepesa. Dothi la pachulu cha kuseri kwa khola likungokhala, ndipo mukudziwa kuti njerwa zake n'zolimba. Mukatumanso ena kudziweko, adzandipeza pakhomapo ndili ndi khasu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Dailes ndi ana. Ndinafunsa amayi ngati ndilembenso moni wawo, anati ndidikire kaye. Tsiku ndi tsiku amakhala pamwala m'mbali mwa dziwe kuyang'ana tsinde limodzi la bango limene ndinadzalanso. Akuti tsiku limene wofiira adzaterepo, moni wanu adzakutumizirani okha. Mpaka lero sanatere.

Ndine mlongo wanu,
Edita