Kompyuta Yaona Denga la Bambo Lokha

Lachitatu, 9 Okotobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti masiku ano thupi lili muofesi, mtima uli kwanuko.

Paja mumandiseka kuti ntchito yanga ku unduna wa zachuma ndi yoweta manambala. Chaka chino ziwetozo zandiluma. Pogawa ndalama za zipatala timayang'ana kuchuluka kwa anthu m'dera lililonse, ndiye poti kalembera ndi wakalekale, tayamba kudalira zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba. Kompyuta imawerenga madenga, lililonse n'kuliikira anthu asanu. Vuto n'lakuti imaona a malata okha poti amawala. A udzu imawayesa tchire.

Dzulo ndinatsegula chithunzi cha kwathu. Ndinaona njira ya kuchigayo itapyapyala ngati ulusi, mtengo wa mango uja munagwamo, ndi kanthu koyera kuseri kwa nyumba yanu, ndikuganiza ndi zovala za amayi pachingwe. Ndinakhala ngati ndikuuluka pamwamba pa mudzi, fani ya muofesi itasanduka kamphepo ka kudambo, mpaka mnzanga wa desiki yoyandikana anandigwedeza: "Iwe, tiyi wazizira uyu. Wapeza chibwenzi pamapupo?"

Koma kwa kompyuta, mudzi wathu ndi wa nyumba zowerengeka. Zikapita choncho chipatala chathu chilandira zochepa, ndipo mankhwala a amayi a kuthamanga kwa magazi muzikawafuna kutali pa njinga. Zimenezi zikundiopsa. Nditawauza abwana, anati, "Mwanawe, chisoni sichilowa mu bajeti. Bweretsa umboni mwezi usanathe."

Ndiye chonde, muyende khomo ndi khomo ndi foni yanu, mujambule nyumba iliyonse ya udzu mutayatsa kaja kosonyeza malo kamene ndinakuphunzitsani, munditumizire. Ndikudziwa mudandaula kuti mzime wayamba kutuma akulu, koma paja mutu umodzi susenza denga.

Ichi chokha musawauze amayi. Pa mzere wathu wonse, nyumba imene kompyuta yaiona ndi ya malemu bambo yokha, ya malata ija yakhala yotseka chiwatengereni amayi kwanu. Yalemba kuti muli anthu asanu. Ndinawerenga pa zala: bambo, amayi, inu, achemwali ndi ine. Ndiyenera kufufuta nambalayo poti simukhala munthu, ndi ntchito yanga, ndipo ndidzafufuta zithunzi zanu zikafika. Pakali pano ndangosiya choncho, ndipo m'mawa muno ndinayamba ndatsegula pamenepo ndisanakhudze china chilichonse.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze asamadumphitse mankhwala, ndipo zovala aziyanika pomwe paja, kuti akadzajambulanso kumwambako ndidzawapeze.

Ndine mlongo wanu,
Mzime