Nsupa ya M'chigafa

14 Novembala 2008
Makuponi agawa. Dzina langa, Lefina, mulibe, chaka chachiwiri. Mlongo wanga Yobu walandira, wadutsa pakhomo panga osatsika njinga. Ndamukuwira kuti feteleza wakeyo akathire m'phala. Mkazi wamasiye alibe mwini, eti.

18 Novembala
Ndikusesa m'chigafa cha fodya ndapeza nsupa ya malemu azakhali. Mikanda m'khosi, mafuta akadalimo. Anthu ankanong'ona kuti mayi aja ankakoka zokolola za eni, ndipo nkhokwe yawo sinkaphwa. Ndailowetsa m'nyumba. Ine, mayi wa Mvano! Ndaseka ndekha mpaka nkhuku zinathawa.

25 Novembala
Wondiphunzitsa palibe. Ukafunsa ndani, abusa? Ndikutola zimene ndinkamva ndili mtsikana. Lero ndayesa kuuluka pa lichero, chitseko chotseka. Ndakhalapo, ndatsinzina, ndati Mtunthama. Lichero lathyoka. Linali lobwereka.

9 Disembala
Mudzi wonse kumaliro ku Kapelula, ine ndatsala, ndanamizira mutu. Dzuwa lili paliwombo ndazungulira munda chafutambuyo, ndatapa dothi m'munda mwa Yobu, ndasakaniza ndi mafuta, ndakwirira pamalire. Ndalankhula ndithu: za uko zibwere kuno. Kenako mphini pamkono, ndekha, ndi lezala lakale. Ndalowa basi! Miyendo ikungofuna kuvina.

13 Disembala
Mkono watupa ngati mtondo. Thupi moto. Ndiye kuti mankhwala akulowa.

28 Disembala
Ndadzuka. Masiku onsewa pamphasa, Feliya mkazi wa Yobu ndi phala m'mawa uliwonse. Ndinamuuza kuti ndi minga. Lero ndakwawira kumunda. Mayo ine! Chimanga chili bii, masamba ngati a nthochi. Cha Yobu chachikasu, chonyozoloka. Ndinagwada mumzere n'kuluma chitenje kuti ndisalulutire. Zatheka! Popanda sing'anga, popanda kuponi.

4 Januwale 2009
Kutchalitchi ndaimba kuposa onse. Azimayi akuti Mulungu saiwala amasiye, ine mmm, ameni. Ndikayang'ana munthu ndikumva ngati ndingamugwetse ndi diso lokha. Galu wa aphunzitsi wandiuwa, ndamuloza chala, wakhala pansi. Mwina anangotopa. Komabe.

19 Januwale
Cha Yobu sichikwera. Ana ake ayamba kudya kamodzi. Zandikhudza pang'ono, pang'ono pokha. Anadutsa osatsika njinga. Nsupa ndaidzoza mafuta atsopano, ndaipatsa ndi dzina, Nachisale. Chaka chamawa tiyesa fodya wa kuesiteti.

2 Febuluwale
Feliya wabwera kudzapempha ufa wa phala la mwana. Ndamupatsa modzikuza, mbale yosefukira. Ndiye pakamwa panga posagwirapa: chimanga chanu chatani chaka chino, mlamu?

Wandiyang'ana modabwa. Akuti, "Simukudziwa? Muli chigonere muja achimwene anu anathira feteleza yense m'munda mwanu. Anati ife tili awiri tikagwira ganyu, koma inu ndi mkono umenewo mufa ndi njala. Anandiletsa kunena, ati mukalusa."

Tsiku la njinga lija akuti anachita manyazi kundiyang'ana, kuponi ili m'thumba.

Wapita ndi ufa, akuthokoza mogwada. Akuthokoza ine.

Nachisale ali apa pamphasa, mikanda mbee. Pamalire sindinafukule. Yobu akuti abwera madzulo ano adzaone mmene chaberekera, akuti akunyadira. Belu la njinga ilo, ndipo ulendo uno akutsika