Thonje la Bambo pa Chitenje cha Ukwati

Achimwene,

Salaamu aleikumu. Muli bwanji ku Joniko, pamodzi ndi alamu? Kuno ku Ngokwe tili bwino, ndipo mwendo wa amayi uja wasiya kutupa.

Chitenje cha ukwati wa Asiyatu wathu ndakonza ndine. Amalume ankafuna nkhope za akwati, koma amayi anakana: "Iyayi, nsalu ya nkhope ndingaswali nayo bwanji?" Ndiye ndinatenga chithunzi munajambula pa foni chija, cha thonje limene bambo analima asanatisiye.

Nditachibwereza pa kompyuta kuti chidzaze nsalu, polumikizira ponse panaoneka mizere ngati matailosi. Amalume anaseka, ati ndisiyire akatswiri a ku Blantyre. Ine osatekeseka. Ndinadula chithunzicho panayi, n'kusinthanitsa zidutswazo kuti mizere ija ibwere pakati, kenako ndinaiphimba ndi masamba a thonje lomwelo.

Nsalu itabwera kuchokera kosindikiza, amayi anaiyala pamkeka n'kumayendetsa chala kufuna polumikizira. Sanapapeze. Anangoti, "Munda wa bambo anu sukutha."

Tiuzeni msanga mamita amene alamu akufuna. Allah akusungeni, ndipo mubwere ndithu. Munda umenewu musadzauonere pa foni.

Ndine mlongo wanu,
Mariamu