Rula Yagunda Amayi Awiri

Logan, Brisbane

Okondedwa Amayi Lesieli,

Muli bwanji kwathuko ku zilumba za Ha'apai? Bondo lija likukulolani kufika kutchalitchi, kapena mukungolimba mtima mwa chizolowezi chanu? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwazizira, ndipo chilazi cha m'sitolo sichikoma ngakhale pang'ono.

Kusukulu zinandionekera Lachiwiri. Ndimaphunzitsa ana anga a masamu kuzindikira fankishoni, ubale umene chilichonse chimalumikizidwa ku chinzake chimodzi chokha, poyang'ana girafu, chojambula cha madontho. Lamulo lake n'losavuta: ukaimika rula paliponse, igunde dontho limodzi basi. Ukaigoneka n'kugundanso limodzi lokha, ndiye kuti fankishoniyo ndi ya mmodzi kwa mmodzi.

Pofuna kufewetsa zinthu, ndinalemba maina a ana m'munsi mwa bolodi, a amayi awo cham'mbali, n'kuika madontho. Nditagoneka rula pa mayi wa mapasa a m'kalasimo, inagunda pawiri, ana onse n'kuona kuti si ya mmodzi kwa mmodzi. Kenako ndinanena mwamatama kuti koma fankishoni ndiye ndi fankishoni, poti mwana aliyense ali ndi mayi mmodzi.

Mtsikana wina wa ku Samoa, Tausala, wapakamwa ngati inu nomwe, anafunsa ngati aphunzitsife tinakuliradi kuzilumba, komwe abale amapatsana ana kuti awalere, kapena nkhopeyi tinangobwereka. Akuti iye anamubereka ndi wina, anamulera ndi wina, nanga afufute uti? Kalasi yonse inafa nalo phwete. Ndinalemba dzina langa n'kuimika rula. Madontho awiri: inu amene munanditenga ndili khanda, ndi ang'ono anu, Amayi Seini, amene anandibereka. Ndinavomera kuti girafu yathuyo si fankishoni.

Ndiye nali pempho langa. Ndamva kuti awirinu simukuyankhulana chifukwa cha mkeka woti ndidzamange m'chiuno, monga mwa mwambo wathu, pa ukwati wanga mu Disembala. Aliyense akuluka wake, aliyense akuti mwana ndi wanga. Zikundipweteka, Amayi. Ndimakukondani nonse ndipo sindisankha. Ndidzavala yonse iwiri, thukuta lidzachite zomwe likufuna. Chiunochi chikwana, paja munachinenepetsa ndinu. Chonde pitani kwa ang'ono anu.

Mundiperekere moni kwa Bambo, azakhali a Mafi, achimwene a Sitani ndi alamu anga. Amayi Seini sindiwalembera kalata. Moni wawo ndaika m'manja mwanu, mukawapatse pamaso.

Ndine mwana wanu nonse awiri,
Kalolaine