Chikopa cha Babatoni Chang'ambika

Loweruka, mwezi wa Disembala, ku Fort Jameson.

Lero landilemera. Tinakaimba pa ukwati ku Kasenengwa, mvula n'kutipeza m'njira. Babatoni wanga, besi ya waya mmodzi yokhala ndi chikopa ngati ng'oma ija, anafika chikopa chitanyowa, osalira n'komwe. Ndinamutsamiritsa pafupi ndi moto kuti chikopa chikungike, monga ndimachitira nthawi zonse. Atatiitana kukadya ndinaiwala. Pobwerera ndinapeza chitapsa, chitang'ambika pakati.

A Tembo, mkulu wa bandi yathu, sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, musavutike n'kukonza. A Jere, oimba besi anzanu, abwera kuchokera ku Halale ndi gitala ya besi yogula, ya zingwe zinayi. Imene ija sifuna moto."

Gitala yotero ndinaionapo m'sitolo ya Mmwenye m'tauni. Mtengo wake ndi malipiro anga a umesinjala a chaka chathunthu.

Sindinawauze kuti chikopacho n'cha ng'ombe imene tinapha pa maliro a bambo. Zaka zisanu ndakhala ndikuchiliza, anthu n'kumavina osadziwa.

Waya ndamumasula, ali m'thumba la jekete. Loweruka likubwerali bandi ikaimba ku Mwami, koma palibe wandiuza nthawi yonyamukira lole.